Kodi timu yamphamvu imapambana kangati pa magemu 10?

Loweruka masana pa Chintheche, m'boma la Nkhata Bay, anthu amayang'ana zinthu ziwiri: nyanja ndi bolodi.

Asodzi amene akusoka maukonde pamchenga maso awo amakhala kunyanja, kuona ngati mwera ulole mawato kulowa m'madzi usiku. Kumtunda, m'mbali mwa msewu wa M5, anyamata amaunjikana pa bolodi la nyumba yoonetsera mpira, pomwe alemba ndi choko magemu a tsikulo komanso mtengo wolowera.

Pabolodipo ndi pomwe pamayambira mkangano, wa m'Chitonga chosakaniza ndi Chichewa. Wina amatulutsa foni n'kuonetsa anzake mndandanda wa matimu. Iyi ili pamwamba, iyi ili kumchira, nanga mukufunanso umboni wanji? Kwa iye nkhani yatha, gemuyo ndi yaulere.

Kale mikangano yotere inkathera m'kuseka ndi kunyozana. Masiku ano yambiri imathera pa kapepala kobetchera, kapena pa foni yomweyo. Ndalama ya chigoba cha usipa, ya ganyu, mwinanso yomwe mbale watumiza kuchokera ku Joni kuti agulire malata, imaikidwa pa timu yomwe aliyense akuti singagonje.

Kodi mndandanda wa matimu umanenadi kuti timu yakutiyakuti singagonje? Anthu amene adakonza masamu a mindandandayi sadalonjezepo zotere. Chimene nambala zawo zimanena n'chakuti matimu awiri atakumana kambirimbiri, wamphamvu angapambane kangati. Kusiyana kwa "apambana" ndi "angapambane kangati" ndi komwe kukudya ndalama za mabanja ambiri.

Tsiku la ku Luanda

Amene adali ndi wailesi kapena adapeza malo m'nyumba yoonetsera mpira pa 11 January 2010 sadaiwale. Flames, motsogozedwa ndi mphunzitsi Kinnah Phiri, idakumana ndi Algeria mumzinda wa Luanda ku Angola, m'gemu yake yoyamba ya mpikisano wa Africa Cup of Nations. Aka kadali koyamba kuti Malawi ifike kumeneko chichokereni mu 1984.

Algeria idabwera ili ndi mbiri. Miyezi iwiri m'mbuyomo idali itagonjetsa Egypt 1-0 ku Sudan n'kudzipezera malo ku World Cup ya ku South Africa. Pamndandanda wa Fifa idali kutali pamwamba pa Malawi. Koma dzuwa likuswa mtengo, Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda adachinya chigoli chimodzichimodzi ndipo Flames idapambana 3-0.

Ambiri amathera pomwepa pofotokoza nkhaniyi, n'kumati nambala n'zabodza. Koma mpikisano sudathere pomwepo. Malawi idagonja 2-0 ndi Angola, kenako 3-1 ndi Mali, n'kubwerera kumudzi ili kumchira kwa gulu lake. Algeria yomwe idathidzimulidwa ija idadzuka, idatulutsa Ivory Coast m'makota fainolo n'kufika m'masemi fainolo.

Choncho mndandanda udalephera tsiku limodzi, koma pa mpikisano wonse sudaphonye kwenikweni. Umu ndi momwe nambala za mpira zimagwirira ntchito. Pa magemu ambiri zimanena zoona, koma pa gemu imodzi ya Loweruka lino zimangonena mwayi.

Zidayambira pa chess

Njira yosandutsira mphamvu za timu kukhala mwayi wopambana sidayambire pa mpira. Adaikonza ndi Arpad Elo, yemwe adabadwira ku Hungary mu 1903, adakulira ku America ndipo ankaphunzitsa sayansi pa yunivesite ya Marquette mumzinda wa Milwaukee. Mkuluyu ankakonda masewero a chess ndipo ankafuna njira yachilungamo yodziwira katswiri weniweni.

Ganizo lake aliyense wosewera bawo pansi pa mtengo wa mango angalimve. Kugonjetsa mwana wophunzira kumene si nkhani. Kugonjetsa mdala amene mudzi wonse umamuopa, ndiye nkhani. Ndiye wosewera aliyense apatsidwe nambala. Asadayambe kusewera, kusiyana kwa nambala zawo kunene zomwe tikuyembekezera. Akamaliza, amene wachita bwino kuposa zomwe timayembekezera alandire mapointi kuchokera kwa mnzakeyo.

Bungwe la chess ku America lidayamba kugwiritsa ntchito njirayi mu 1960, ndipo bungwe la chess pa dziko lonse la Fide lidaitenga mu 1970. Mpaka lero osewera chess, ngakhale a kuno kwathu amene amapita kumipikisano yovomerezeka, amadziwika ndi nambala za mtundu umenewu.

Fifa idayamba kusanja matimu a maiko pamndandanda mu December 1992, ndipo mwezi umenewo Malawi idali pa nambala 53, malo apamwamba kwambiri omwe Flames idafikapo. Kwa zaka zambiri Fifa inkagwiritsa ntchito njira zina zomwe zidadzetsa madandaulo, chifukwa timu inkatha kukwera pongopewa magemu opimana mphamvu. Mu August 2018, mpikisano wa World Cup wa ku Russia utatha, Fifa idasintha n'kutenga njira ya Elo. Mndandanda wa matimu a amayi udali utayamba kale kugwiritsa ntchito njira yofanana nayo mu 2003.

Osayang'ana malo, yang'anani mapointi

Cholakwika choyamba chimene ambiri timachita n'kuyang'ana malo a timu: iyi ili pa nambala 40, iyi pa 120. Malo sanena mphamvu. Pa mpikisano wothamanga, woyamba ndi wachiwiri akhoza kusiyana ndi phazi limodzi kapena ndi bwalo lonse, koma onse amangotchedwa woyamba ndi wachiwiri. Chofunika ndi mapointi omwe amalembedwa pambali pa dzina la timu, ndipo makamaka kusiyana kwa mapointiwo.

Masamu a Fifa ali ndi nambala imodzi yofunika, 600. Timu ikaposa inzake ndi mapointi 600, amaiwerengera kuti ili ndi mphamvu kakhumi kuposa inzakeyo. Kuchokera pamenepo pali kachidule komwe aliyense angasunge m'mutu popanda kompyuta: mapointi 180 alionse amachulukitsa mphamvu kawiri.

Tiyerekeze ndi nyemba m'chipewa. Matimu akafanana mapointi, m'chipewamo muli nyemba yofiira imodzi ndi yoyera imodzi. Mukapisa dzanja mutatsinzina, mwayi ndi theka ndi theka, 50 pa 100 iliyonse.

Timu yofiira ikaposa inzake ndi mapointi 180, m'chipewa muli zofiira ziwiri ndi yoyera imodzi. Yamphamvuyo ikuyembekezeka kutenga 67 pa 100.

Akasiyana ndi 360, zofiira ndi zinayi, yoyera imodzi. Apa ndi 80 pa 100.

Akasiyana ndi 540, zofiira ndi zisanu ndi zitatu, yoyera imodzi, kutanthauza 89 pa 100. Pa 600, zofiira khumi ndi yoyera imodzi, 91 pa 100.

Taonani bwino. Ngakhale zofiira zichuluke bwanji, nyemba yoyera ija sichoka m'chipewa. Ndipo kusiyana kwa mapointi 100, komwe pafoni kumaoneka kwakukulu, kumangopereka 59 kapena 60 pa 100. Pamenepo palibe gemu yaulere.

Nanga akalepherana?

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Nambala ija, monga 67 pa 100, si mwayi wopambana weniweni. Ndi gawo la mapointi lomwe timu ikuyembekezeka kutenga, powerengera kupambana ngati 1, kulepherana ngati theka ndi kugonja ngati 0.

Pa mpira kulepherana si kwachilendo. M'maligi akuluakulu ambiri, pafupifupi gemu imodzi mwa anayi alionse imatha matimu atafanana zigoli. Ndiye timu yomwe masamu aipatsa 67 pa 100, itasewera magemu 100 ndi mdani yemweyo, ikhoza kupambana 54, kulepherana 26 ndi kugonja 20. Mukaphatikiza 54 ndi theka la 26 mupeza 67 yemwe uja.

Tanthauzo lake n'lakuti timu yomwe ili ndi mphamvu kawiri kuposa inzake imalephera kupambana pafupifupi theka la magemu ake. Wochemerera akhoza kukhutira ndi pointi imodzi yakoyenda. Koma kwa munthu amene waika ndalama kuti timuyo ipambana, kulepherana ndi kugonja n'chimodzimodzi, kapepala kapita.

Chifukwa chake mpira uli chonchi n'chakuti zigoli zimasowa. Pa mpira wamanja, pomwe timu imagoletsa kokwana 50 kapena 60, mwayi umasungunuka m'zigoli zambirizo ndipo wamphamvu amaonekera pafupifupi nthawi zonse. Pa mpira wamiyendo chigoli chimodzi chimagamula mlandu. Mpira kumenya chitsulo, goloboyi kudzuka bwino, woimbira kupereka penate, zonsezi zikhoza kutembenuza gemu yomwe timu ina idalamulira mphindi 89.

Pa 14 June 2008, Egypt idafika pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre itangotenga kumene chikho cha Africa mu February chaka chomwecho. Gemu ili pafupi kutha, Chiukepo Msowoya adachinya ndipo Flames idapambana 1-0. Nyemba yoyera idatuluka m'chipewa.

Momwe mapointi amayendera

Chitsanzo chabwino cha masamu atsopanowa ndi mpikisano wa Africa Cup of Nations womwe udachitikira ku Cameroon mu January 2022. Flames idagonja 1-0 ndi Guinea, idagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango, kenako pa 18 January idakumana ndi Senegal mumzinda wa Bafoussam.

Senegal ya Sadio Mané idali timu yapamwamba mu Africa monse pamndandanda wa Fifa, pomwe Malawi idali kunsi kwa nambala 120 pa dziko lonse. Matimuwa ankasiyana ndi mapointi pafupifupi 400, kutanthauza nyemba zofiira pafupifupi zisanu pa yoyera imodzi. Masamu ankayembekezera kuti Malawi itenga gawo losafika 20 pa 100. Gemu idatha 0-0, ndipo Flames idatenga theka.

Fifa imatenga zomwe timu yapeza n'kuchotserapo zomwe zimayembekezeka, kenako n'kuchulukitsa ndi kulemera kwa gemuyo. Gemu yopimana mphamvu imalemera 5 kapena 10. Yolimbirana malo kumpikisano waukulu imalemera 25. Ya m'magulu a Africa Cup of Nations imalemera 35, pomwe magemu a ndime zomaliza za World Cup amafika 60. Pa gemu ya ku Bafoussam, Malawi idaposa zoyembekezeka ndi gawo pafupifupi limodzi mwa atatu. Mukachulukitsa ndi 35 mupeza kuti kulepherana kokhako kudaipatsa mapointi oposa 10, ndipo Senegal idataya omwewo.

Ikadapambana Senegal, ikadangopeza mapointi 6 kapena ocheperapo, chifukwa kugonjetsa wofooka si nkhani. Ndipo Flames itagonja 2-1 ndi Morocco m'ndime ya matimu 16, tsiku lomwe Mhango adachinya chigoli chakutali chija, sidataye pointi ngakhale imodzi, popeza malamulo a Fifa salanda mapointi kwa timu yogonja m'ndime ya chipulula ya mpikisano waukulu.

Senegal yomwe idalephera kuboola ukonde wa Malawi ndi yomwe idatenga chikho chaka chimenecho. Apanso mndandanda udanena zoona pamapeto, ngakhale udaphonya tsiku la ku Bafoussam.

Zomwe nambala siziona

Masamu a Fifa a matimu a abambo sawerengera kuchuluka kwa zigoli. Kupambana 1-0 ndi kupambana 5-0 n'chimodzimodzi. Sawerengeranso amene ali pakhomo, ngakhale wochemerera aliyense akudziwa kuti timu ya ku Blantyre ikayenda ulendo wonse mpaka ku Karonga, n'kukapeza kutentha kwa kunyanja ndi bwalo lodzaza ndi eni dera, siikhala timu yomwe ija. Mndandanda wa matimu a amayi ndiye umawerengera zonse ziwiri, ndipo timu yapakhomo amaiwonjezera mapointi 100 poyerekeza mphamvu.

Nambala sizidziwa kuti katswiri wa timu wavulala Lachinayi, kuti osewera sadalandire malipiro, kapena kuti mphunzitsi wapumitsa anyamata ake odalirika. Zimangodziwa zotsatira za m'mbuyo, ndipo zimasintha pang'onopang'ono. Timu ikayamba kukula kapena kukalamba, nambala zimachedwa kuzindikira.

N'chifukwa chake kunja kuno kumachitika zodabwitsa. Zambia idatenga chikho cha Africa mu February 2012 ku Libreville itagonjetsa Ivory Coast ya Didier Drogba pa mapenate. Leicester City idatenga ligi ya ku England mu 2016, chonsecho ligi ikuyamba makampani obetchera ankati mwayi wake ndi umodzi pa 5 000. Saudi Arabia idagonjetsa Argentina 2-1 mu November 2022 ku Qatar, ndipo Argentina yomweyo ndi yomwe idanyamula World Cup mwezi wotsatira.

Kuno kwathu, Nyasa Big Bullets idatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023. Koma ngakhale m'zaka zimenezo idatayapo mapointi kwa matimu omwe palibe ankawawerengera, ndipo mu 2024 Silver Strikers idailanda ufumu. Ligi ya magemu 30 imaonetsa wamphamvu. Gemu imodzi siingatero.

Masamu a kapepala

Tsopano tibwerere pa bolodi la pa Chintheche. Manambala omwe amalembedwa pambali pa matimu pakapepala kobetchera, monga 1.50 kapena 6.00, nawonso ndi mwayi wovala malaya ena. Kuti muuvule, gawani 100 ndi nambalayo.

Tiyerekeze gemu yomwe timu yamphamvu aipatsa 1.50, kulepherana 4.00, ndipo timu yofooka 6.00. Mukagawa 100 ndi 1.50 mupeza 67. Mukagawa ndi 4.00 mupeza 25. Mukagawa ndi 6.00 mupeza 17. Kuphatikiza zonse mosamala, zikukwana 108 ndi kanyenyeswa.

Koma zinthu zitatuzi, kupambana, kulepherana ndi kugonja, ndi zokhazo zomwe zingachitike, ndipo zimayenera kukwana 100 ndendende. Nanga 8 wapamwambayo ndi wa yani? Ndi phindu la mwini malo obetchera, lomwe amadula gemu isadayambe. Pa chitsanzo chathuchi, pa K100 iliyonse yomwe anthu onse pamodzi aika, pafupifupi K92 yokha ndi yomwe imabwerera kwa iwo. Si kuba ayi, ndi momwe bizinesiyo imayendera kulikonse pa dziko lapansi. Eni ake ali ndi makompyuta ndi akatswiri a masamu omwe amadziwa zonse zomwe tafotokozazi, ndi zina zambiri. Mndandanda womwe mnyamata akuonetsa anzake pafoni, iwo adauona kale ndipo adauwerengera mu mtengo.

Vuto limakula munthu akalumikiza magemu ambiri pakapepala kamodzi kuti K500 ibale K50 000. Apa mwayi suphatikizidwa, umachulukitsidwa, ndipo ukachulukitsa zidutswa yankho limanka licheperachepera.

Tinene kuti mwasankha matimu amphamvu okhaokha, iliyonse ili ndi mwayi wopambana wa 70 pa 100. Imeneyo ndi timu yamphamvu zedi. Kuti awiri onse apambane, mwayi ndi 49 pa 100, watsika kale kufika pa theka. Atatu, 34. Asanu ndi mmodzi, 12. Matimu khumi, 3 pa 100. Kutanthauza kuti pa mapepala 100 otere, 97 amang'ambidwa, ngakhale pa gemu iliyonse mudasankha bwino.

Phindu la mwini malo lija nalonso limadulidwa pa gemu iliyonse ya pakapepalapo. Pa chitsanzo chathu cha K92 chija, kapepala ka magemu asanu ndi imodzi kamabweza pafupifupi K62 pa K100, ndipo ka magemu khumi K45. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

N'chifukwa chake dandaulo lomwe limamveka kwambiri Lamlungu m'mawa ndi lakuti timu imodzi yokha ndi yomwe yandiphera kapepala. Munthu amaona ngati adangotsala pang'ono, ndipo mawa amabwereranso. Koma masamu akusonyeza kuti pa matimu asanu ndi imodzi a 70 pa 100, kuphonya imodzi kapena awiri ndi zomwe zimachitika kawirikawiri kuposa china chilichonse. Si tsoka, si ufiti, ndipo si woimbira. Ndi nyemba yoyera ija, yomwe mwaipatsa mipata isanu ndi umodzi yotulukira.

Zimathera kunyumba

Kunyanja ndalama imabwera mwa apo ndi apo. Usipa ukagwa, mathandala amadzaza ndipo m'thumba mumalemera. Mwera ukalusa m'miyezi yozizira, mawato amagona pamchenga masiku angapo ndipo banja limadya zomwe lidasunga. Moyo wotere umafuna kusunga, ndipo ndi moyo womwewu womwe umakopa munthu kuyesa mwayi kuti ndalama yochepa ibereke msanga.

K1 000 patsiku imaoneka yaing'ono. Pamwezi ndi K30 000, ndipo pachaka ndi K365 000. Banja lililonse likudziwa lokha kuti ndalama imeneyo ingagule mabuku angati, malata angati kapena mafuta a injini ochuluka bwanji. Amayi ambiri amazindikira mochedwa, ndalama ya ndiwo itayamba kuperewera popanda chifukwa chomveka, kapena mwana wa sekondale atayamba kubwereka foni usiku uliwonse wa mpira.

Malamulo a dziko lino salola ana osafika zaka 18 kutchova juga yamtundu uliwonse, ndipo ntchito yoyang'anira makampani obetchera ili m'manja mwa bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, lomwe lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2022. Koma foni siifunsa zaka pamene mwana wagwiritsa ntchito nambala ya mkulu wake. Mlonda woyamba ndi wa pakhomo.

Kukalipa kokha nthawi zambiri sikuthandiza, chifukwa wobetcha amakhulupirira kuti amaudziwa mpira, ndipo mwina amaudziwadi. Chomwe chingathandize n'kukhala naye pansi ndi kope ndi cholembera. Alembe kapepala kalikonse komwe wagula mwezi wonse, ndalama yomwe waika ndi yomwe yabwerera. Mutu umakumbukira tsiku limodzi lopambana n'kuiwala masiku makumi awiri ogonja, koma kope siliiwala.

Yesani nokha, popanda ndalama

Masamu a Elo si a anthu obetcha okha, ndipo adakonzedwa popanda ganizo la juga. Aphunzitsi a masamu, makomiti a mipikisano ya m'midzi, ngakhale ana a sukulu, akhoza kuwagwiritsa ntchito pa matimu a m'dera lawo, kuyambira ku Kande, Bandawe, Chintheche mpaka ku boma.

Timu iliyonse iyambe ndi mapointi 1 000, ndipo gemu iliyonse ilemere 30. Matimu ofanana akakumana, iliyonse ikuyembekezeka kutenga theka. Wopambana alandire 15, wogonja ataye 15. Akalepherana, pasasinthe kanthu.

Pakapita miyezi, matimu ayamba kutalikirana. Timu yomwe ili patsogolo ndi mapointi 180 ikagonjetsa inzake ilandire 10 okha, chifukwa zimayembekezeka. Ikagonja itaye 20. Akalepherana, yamphamvuyo itaye 5 ndipo yofookayo iwatenge.

Gemu isadayambe, ana alembe mwayi womwe masamu akupereka, ndipo ikatha alembe zomwe zachitika. Pakutha kwa chaka awerenge: pa magemu onse omwe timu ina idapatsidwa 67 pa 100, idatengadi gawo lotani? Mwana amene wadzionera yekha timu yamphamvu ya m'dera lake ikupunthwa mobwerezabwereza, ndipo nambala zikukwanabe, sadzanamizidwanso ndi mawu akuti gemu yaulere. Adzakhalanso ataphunzira gawo la masamu lomwe limavuta ambiri pa mayeso a Fomu 4.

Asodzi adadziwa kale

Dzuwa likamalowa kuseri kwa mapiri a Viphya, nyali zimayamba kuoneka panyanja. Siginala wodziwa ntchito wayang'ana mwezi, wamvera mphepo, wakumbukira komwe usipa udagwa dzulo ndi dzana. Akasankha malo, nthawi zambiri amalondola. Koma palibe siginala amene angalumbire kuti usiku uno chilimira chidzaza, ndipo mwini zipangizo wanzeru sagulitsa nyumba kuti agule mafuta a ulendo umodzi. Amadziwa kuti pa maulendo khumi, ena adzabwerera ndi madzi okhaokha m'bwato, ndipo amasunga ya mawa.

Nzeru imeneyi ndi yomwe Arpad Elo adaiika m'manambala. Timu yamphamvu ndi malo abwino oponyera ukonde, koma si nsomba ya m'dengu.

Ndiye Loweruka likubwerali, wina akakuonetsani foni pa bolodi n'kunena kuti timu yake singagonje, musakangane naye za mayina a osewera. Mufunseni modekha kuti matimuwo akusiyana ndi mapointi angati, ndipo pa magemu khumi yamphamvuyo ingapambane kangati. Akayankha kuti kasanu ndi kawiri, mufunseni za katatu kotsalako, komanso ngati ndalama yomwe ili m'manja mwakeyo ndi yoti banja lake lingagone bwino itapita.